Lenzi yakale ya filimu pa kamera ya dijito: werengani izi musanatulutse ndalama

Funso lake limabwera mofanana. Munthu wapeza lenzi m'sutikesi ya malemu amalume ake amene ankajambula anthu nthawi ya filimu, kapena waiona pa kaunjika itasakanikirana ndi mawaya ndi machaja, waijambula ndi foni n'kunditumizira: "Akulu, imeneyi ingalowe pa Canon yanga?" Ndayankha mpaka chala chatopa, ndiye ndalemba pano kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera.

Malenzi ambiri akale amagwiradi ntchito pa makamera a masiku ano, ndipo ena amatulutsa zithunzi zokongola kuposa lenzi imene inabwera ndi kamera yanu. Koma kulowa kokha sikukwanira. Lenzi imatha kulowa, kumangika bwinobwino, kujambula nkhope ya munthu amene ali pafupi, koma n'kukanika kuona chilichonse chakutali. Ndalama za anthu zimathera pamenepa, choncho gawo 3 muliwerenge kawiri.

1. Yambani ndi kamera yanu

Zimitsani kamera, chotsani lenzi, suzumirani mkati. Mukaona kalilole wopendekeka, imeneyo ndi DSLR, monga Canon 600D, 700D, 5D kapena Nikon D3200, D5300, D7000. Mukapanda kuona kalilole, n'kuona sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu) kapena chotchinga chake, imeneyo ndi mirrorless, monga Sony a6000 ndi a7, Fujifilm X-T, Canon M50 ndi R, Nikon Z, Panasonic Lumix G.

Kenako dziwani dzina la mount ya kamerayo. Mount ndi pakamwa pa kamera, chitsulo chozungulira chimene lenzi imamangirirapo. Kunena kuti "yanga ndi Canon" sikokwanira, chifukwa Canon ili ndi EF, EF-M ndi RF, ndipo adaputa (chitsulo cholumikizira lenzi ku kamera) ya ina silowa pa inzake.

Dziwaninso kukula kwa sensa. Filimu inali ya mamilimita 36 ndi 24, ndipo sensa yofanana nayo amaitcha full frame. Makamera ambiri amene anthu ali nawo muno mu Mzuzu ali ndi sensa yocheperako ya APS-C, imene imadula m'mbali mwa chithunzi. Pa Canon chulukitsani nambala ya lenzi ndi 1.6, pa Nikon, Sony ndi Fujifilm ndi 1.5, pa Lumix G ndi Olympus, zimene sensa yake ndi yocheperanso, ndi 2. Lenzi ya 50mm pa 600D imaona ngati 80mm, ya 28mm ngati 45mm. Ndiye ngati mukufuna lenzi yakale kuti kwaya yonse ya anthu makumi anayi ikwane m'chithunzi muli m'tchalitchi chopanikiza, iwalani, lenzi ya 18-55 imene inabwera ndi kamera yanu musaigulitse. Malenzi akale pa sensa yaying'ono amakoma pojambula nkhope.

2. Zindikirani mount ya lenzi

Dzina lolembedwa kutsogolo lingakusocheretseni. Vivitar, Tokina, Sigma, Tamron ndi Soligor ankagulitsa lenzi imodzimodziyo ya makamera osiyanasiyana. Tembenuzani lenzi, chotsani chivindikiro, yang'anani kumbuyo. Chivindikirocho musachikhulupirirenso, pa kaunjika amangovindikira chilichonse chimene chakwana.

Ngati kumbuyo kuli matiredi, mizere yopotera ngati ya bawuti, ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 42, imeneyo ndi M42. Inayamba mu 1949 ndipo ankaigwiritsa ntchito a Praktica, Zenit, Pentax yakale ya malenzi a Takumar, ndi ena ambiri. Helios 44-2 ya 58mm f/2, ya ku Soviet Union, imene achinyamata opanga mavidiyo a nyimbo amaifunafuna chifukwa chakumbuyo kwa munthu kumaoneka ngati kukuzungulira, kawirikawiri ndi M42. Chenjerani ndi T-mount: nayo ndi mamilimita 42 koma matiredi ake ndi othinana, 0.75 m'malo mwa 1. Imayamba kulowa kenako n'kulimba. Ikalimba musakakamize, mupha matiredi.

Zotsalazo ndi zokhoma mongopotoza pang'ono. Canon FD, ya 1971, ili ndi tizitsulo tiwiri totuluka kumbuyo, ndipo zakale kwambiri zili ndi mphete yasiliva imene imazungulira yokha lenzi itaima. Nikon F, ya 1959, imadziwika ndi kachitsulo kogawikana pawiri pa mphete ya aperture (bowo lolowera kuwala, limene limakula nambala ya f ikamachepa), kamene ojambula amati makutu a kalulu. Pentax K, ya 1975, ili ndi kachitsulo kamodzi kokhala ndi chotchinga pambali. Minolta yakale imalembedwa MC kapena MD, nthawi zambiri ndi dzina loti Rokkor. Olympus OM imalembedwa Zuiko ndipo batani lomasulira lili pa lenzi penipenipo. Yashica ML ndi Contax ndi mount imodzi, C/Y. Pa malenzi a makampani ena aja fufuzani tizilembo tating'ono pafupi ndi mount: C/FD, N/AI, P/K, M/MD, O/OM.

Pali misampha iwiri ya mayina. Minolta yolembedwa AF, imene inayamba mu 1985, si MD, ndi mount ina. Ndipo Canon yolembedwa EF, ngakhale inachoka pa kamera ya filimu ya EOS, imalowa pa DSLR ya Canon popanda adaputa, fokasi n'kumayenda yokha. Mukaipeza imeneyo mwatola.

3. Werengerani mtunda musanagule kanthu

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha. Lenzi iliyonse inapangidwa kuti ikhale pa mtunda wake kuchokera pa filimu. Mtunda umenewu, kuchokera pa chitsulo cha mount kufika pa filimu kapena sensa, amautcha flange distance. Lenzi ikakhala pa mtunda wake weniweni, mukapotoza mphete ya fokasi kufika pa chizindikiro cha ∞ (infinity, kutali kopanda malire), phiri lakutali limaoneka bwino. Ikatalikirana ndi sensa kuposa pamenepo, zakutali zimatayika. Ndipo sizifuna zambiri: lenzi ya 50mm ikatalikira ndi milimita imodzi yokha, fokasi yake imathera pa mamita awiri ndi theka.

Adaputa wamba ilibe matsenga alionse. Ndi chitsulo chobowoka, mbali ina mount ya lenzi, mbali ina mount ya kamera, ndipo ntchito yake ndi kuwonjezera mtunda umene waperewera. Imangowonjezera, siichotsa. Munthu wamfupi mutha kumupatsa mpando kuti akwerepo, koma wamtali simungamudule miyendo.

Manambala a malenzi akale, m'mamilimita, ndi awa: Nikon F 46.5, Olympus OM 46, C/Y 45.5, M42 45.46, Pentax K 45.46, Minolta MD 43.5, Canon FD 42.

A makamera: Nikon F 46.5, Canon EF 44, Canon RF 20, Lumix G ndi Olympus 19.25, Sony E 18, Canon EF-M 18, Fujifilm X 17.7, Nikon Z 16.

Tengani nambala ya lenzi, chotsanipo ya kamera. Pakatsala kanthu, adaputa wamba igwira. Ngati ya kamera ndiyo yaikulu, sizitheka popanda kuwononga chinachake.

Muli ndi mirrorless, mwapulumuka. Minolta MD pa Sony E: 43.5 kuchotsa 18, patsala 25.5, malo ambiri. Malenzi onse ndatchulawa amagwira pa mirrorless iliyonse.

Muli ndi DSLR ya Canon, zina zitheka zina ayi. Nikon F imasiya 2.5, OM imasiya 2, C/Y, M42 ndi Pentax K zimasiya pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Zonsezi zimagwira ndi kamphete kopyapyala. Koma Minolta MD yaperewera ndi theka la milimita, ndipo Canon FD yaperewera ndi 2. Inde, lenzi yakale ya Canon siigwira bwino pa DSLR ya Canon. Kampaniyo itasintha mount mu 1987 inasiya FD kunja, ndipo anthu amandikanira mfundo imeneyi mpaka atadzionera okha.

Muli ndi DSLR ya Nikon, nambala yanu ndi yaikulu kuposa onse, ndiye funani malenzi akale a Nikon basi. M42 pa D3200 ijambula munthu wakhala pa mpando patsogolo panu, koma nyumba ya tsidya la msewu ayi.

Wogulitsa adzakuuzani kuti ilipo adaputa ya FD kupita pa EOS (DSLR ya Canon), kapena ya M42 kupita pa Nikon, "yofika ku infinity". Ilipodi. Mkati mwake muli kagalasi kokonza mtunda uja, ndipo pa zotchipa kagalasiko n'kachabechabe: mukatsegula lenzi pa f/1.8 chithunzi chimatuwa, m'mbali mumafewa, ndipo chimakulitsidwanso pang'ono. Mwagula lenzi chifukwa cha f/1.8 kenako muzijambula pa f/5.6 kuti zioneke, phindu lake n'chiyani? Ine ndimati musagule. Ngati FD yo ndi ya malemu ndipo mtima sukulola kuisiya, tengani adaputa yopanda galasi muzijambulira zapafupi kwambiri, mphete za ukwati, maluwa, khofi wakupsa pa mtengo, podziwa kuti fokasi siifika ndi mita imodzi yomwe. Apo ayi isungeni mpaka mudzapeze mirrorless.

Masamu akavomera, patsala zinthu ziwiri zimene zimaswa makamera. Choyamba ndi kalilole. Pa Canon ya full frame monga 5D ndi 6D kalilole ndi wamkulu, ndipo malenzi ena akafika pa ∞ galasi lakumbuyo limalowa mkati mpaka kugundana naye. Kachitsulo ka Pentax K nakonso kamagunda. Pa APS-C vutoli silichitikachitika. Mukamva kugunda kwachilendo pojambula, lekani pomwepo.

Chachiwiri ndi cha a Nikon. Malenzi opangidwa chisanafike chaka cha 1977, amene amati non-AI, ali ndi mphete ya aperture yosalala kumbuyo konse, ndipo imakanikiza n'kuthyola kapulasitiki kamene kali m'mbali mwa mount ya D7000, D610, D750 ndi anzawo. Ya AI imadziwika ndi mzere wachiwiri wa manambala ang'onoang'ono pa mpheteyo, ndipo makutu a kalulu aja amakhala obowoka. Pa D3200 ndi D5300 kapulasitiki kameneka palibe, lenzi imalowa, koma kamera siyeza kuwala. Mumajambula pa M, posankha zonse nokha, kuyang'ana chithunzi, n'kusintha.

4. Iyeseni lenzi ili m'manja mwa wogulitsa

Yatsani tochi ya foni, tsegulani aperture yonse, walitsani kuchokera kumbuyo inu mukuyang'ana kutsogolo chopendeketsa. Tochi imaonetsa chilichonse, ndiye musachite mantha ndi fumbi. Lenzi ya zaka makumi anayi yopanda fumbi kulibe, ndipo fumbilo silioneka pa chithunzi. Kukalika pang'ono pa galasi lakutsogolo nakonso si mlandu, kungokuthandizani kutsitsa mtengo. Kwa galasi lakumbuyo ndiye koipa.

Zoopa ndi ziwiri. Chuku, chimene ojambula amati fangasi, chimaoneka ngati timaulusi toyera toyambira m'mbali. Chikakhalitsa chimadya utoto wa pa galasi, moti ngakhale mutsuke chipsera chimatsala. Chinacho ndi kutuwa kwa galasi lonse mkati, kumene kumapha mitundu ya chithunzi. Lenzi imene yagona zaka m'sutikesi muno mu Mzuzu muikayikire kaye mpaka tochi iivomereze.

Ikani mphete pa f/16, kankhani kachitsulo kapena kapini kakumbuyo n'kusiya. Timasamba tachitsulo ta mkati tiyenera kutseka ndi kutseguka msangamsanga, tili touma. Tikanyezimira mafuta kapena kuyenda mwaulesi, lenziyo ikufuna mmisiri. Potozani mphete ya fokasi kuyambira uku mpaka uko: kulemera pang'ono n'kwabwino, koma kugwiragwira kapena kumveka mchenga ayi. Mphete yakutsogolo ikakhala yopindika, lenziyo inagwapo.

Mukapeza Super-Takumar 50mm f/1.4 yooneka yachikasu, si matenda. Ambiri mwa malenzi amenewa ali ndi galasi losakaniza ndi thorium limene limasintha mtundu pakapita zaka. White balance, yokonzera mitundu m'kamera, imakonza, ndipo kuwala kwa UV kumachepetsa chikasucho. Galasi lake musaliswe kapena kulipala.

Pa zoyenera kugula, maganizo anga ndi awa: 50mm f/1.8 kapena f/1.7 ya kampani iliyonse yodziwika, 28mm f/2.8, 135mm f/2.8 kapena f/3.5. Mazumu akale a 35-70 ndi 80-200, amene amapezeka mosavuta, ambiri ndi olemera, amdima, ndipo zumu ya masiku ano imawaposa. Ataliatali aja amangokopa maso.

5. Gulani adaputa yoyenera

Dzina la adaputa limayamba ndi lenzi, kenako kamera: M42-EOS, MD-NEX, FD-FX, PK-M4/3. NEX ndi dzina lakale la Sony E, FX pamenepa ndi Fujifilm X, ndipo AI kapena NIK ndi Nikon F. EOS (EF), EOS M (EF-M) ndi EOS R (RF) ndi zitatu zosiyana, werengani chilembo chilichonse musanalipire. M'mashopu a m'tauni muno musayembekeze kuipeza mosavuta. Ambiri timaitanitsa pa intaneti kapena kutuma mnzathu wochokera ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo wotumidwayo mumutumizire chithunzi chake, osati dzina lokha. Katundu wolowa m'dziko amatha kulipiritsidwa msonkho, muuwerengere. K&F Concept, Fotodiox ndi Urth ndi mayina odziwika a mtengo wapakati. Ikhale yachitsulo.

Ya M42 ilipo mitundu iwiri, yokhala ndi mlomo mkati wokanikiza kapini ka aperture, ndi yopanda mlomo. Ngati lenzi yanu ili ndi kapini koma ilibe batani la A/M (losankhira kuti aperture izitsekedwa ndi kamera kapena ndi dzanja), monga Helios 44M-4, mufunika ya mlomo. Popanda mlomowo mphete muzipotoza chabe, aperture izingokhala yotsegula.

Wina anandifunsa ngati amisiri osula zitsulo a ku Luwinga sangamupangire. Luso ali nalo, koma apa tikulimbana ndi kachigawo ka milimita, ndipo mount ya kamera ikakalika kukonzetsa kwake kuposa mtengo wa maadaputa angapo.

6. Mangani, kenako uzani kamera

Kamera ikhale yozima, pakamwa pake payang'ane pansi, ndipo musachitire pa mphepo ya fumbi. Mangani adaputa pa lenzi kaye, kenako zonse ziwiri pa kamera, dontho lofiira pa dontho lofiira. Nikon imakhomera mbali yosiyana ndi Canon. Chilichonse chikalimba, bwererani.

FD imavutitsa anthu ambiri. Adaputa yake ili ndi mphete yolembedwa OPEN ndi LOCK. Ikani pa OPEN, mangani lenzi, kenako pititsani pa LOCK kuti kapini ka mkati kagwire kachitsulo ka aperture. Chotsaninso mphete ya lenzi pa A kapena pa kazungulire kobiriwira. Musanaike pa kamera suzumirani mukupotoza: bowo liyenera kuchepa ndi kukula. Likapanda kusintha, kapini kali mbali yolakwika, masulani muyambirenso. Pa M42 ya batani la A/M, ikani pa M.

Kamera siidziwa kuti pali lenzi chifukwa palibe mawaya olumikizana, ndiye mirrorless zambiri zimakana kujambula mpaka mutaziloleza. Pa Sony funani Release w/o Lens, pa Fujifilm Shoot Without Lens, pa Canon ya mirrorless Release shutter without lens, pa Lumix Shoot w/o Lens. Sikirini ikamaonetsa F-- kapena F00 sikuti yawonongeka. Ikani kamera pa A kapena Av (kupatula D3200 ndi D5300 zija, zimene zimafuna M): inu muzisintha aperture pa lenzi, kamera izisankha liwiro la shata.

Ngati kamera yanu imachepetsa kugwedera kwa manja mkati mwake, iuzeni nambala ya lenzi, ndipo mulembe yeniyeni yolembedwa pa lenziyo, 50 osati 75 yochulukitsa ndi 1.5 ija. Mukasintha lenzi musinthenso nambalayo. Mukaiwala, kamera imagwedeza chithunzi m'malo mochikhazika.

7. Yesani zakutali tsiku lomwelo

Dikirani chifunga cham'mawa chichoke, imani pamene mukuona mitengo ya pamwamba pa Kaning'ina kapena nsanja ya mafoni yakutali. Khazikani kamera pa chinthu cholimba, tsegulani aperture yonse, kulitsani chithunzi pa sikirini, potozani pang'onopang'ono kulowera ku ∞.

Nsanja ikaoneka bwino mphete itafika kumapeto, zili bwino. Ikaoneka bwino musanafike kumapeto, kenako n'kufewanso, adaputa ndi yaifupi pang'ono. Opanga ambiri amachita dala zimenezi, ndipo si vuto, kungoti musamangopotoza mpaka kugunda n'kukhulupirira kuti mwafika. Manambala a mamita a pa lenzi nawonso sakhala olondola. Koma ngati mphete yatha nsanja ikadali yofewa, ndipo imaoneka kuti imapita kokoma, lenzi yatalikira: adaputa ndi yonenepa, siinakhome bwino, kapena wina anamasulapo lenziyo n'kuibwezera molakwika. Yesani lenzi ina pa adaputa yomweyo kuti mudziwe wolakwa.

Matani nyuzipepala pa khoma, kamera iyang'ane molunjika, jambulani. Ngati kumanzere kukuwerengeka koma kumanja ayi, adaputa kapena lenzi ndi yopendekeka. Gwedezaninso lenzi ndi dzanja, isamasewere. Zonsezi muchite mwayi wobweza ukadalipo.

8. Phunzirani fokasi ya dzanja

Pa mirrorless yatsani focus peaking, timizere tautoto tosonyeza pamene pali fokasi, koma pa f/1.8 musaikhulupirire kwambiri, imapaka utoto paliponse pamene pali mizere yakuthwa. Ikani batani lokulitsa chithunzi pamene chala chimafika msanga, kulitsani pa diso limene lili pafupi ndi inu, potozani, jambulani. Ndi 50mm pa f/1.8, pa APS-C, munthu ali mamita awiri, malo ooneka bwino ndi pafupifupi masentimita 11 okha. Iye akaweramira kutsogolo pang'ono, kapena inuyo, zatha.

Pa DSLR n'kovutirapo. Poonera pake panapangidwira fokasi yodziyendera, moti sipaonetsa kusiyana kwa f/1.8 ndi f/2.8. Diso limakuuzani kuti zili bwino, pa kompyuta mupeza kuti fokasi ili pa khutu. Gwiritsani ntchito Live View, kuonera pa sikirini, n'kukulitsa. Konzaninso kagudumu kakang'ono ka pambali pa poonera mpaka manambala a mkati aoneke akuthwa kwa diso lanu. Ndipo poti lenzi ya pa adaputa imatseka nthawi yomweyo mukapotoza mphete, pa f/8 poonera pamada. Pezani fokasi ili yotsegula, kenako tsekani mukuwerenga kulira kwa mphete.

Wa kuyenda musamuthamangitse ndi mphete. Sankhani malo amene adutse, ikani fokasi pamenepo pa f/5.6 kapena f/8, dikirani afike. Okaphunzirirapo abwino ndi a njinga zonyamula anthu za sacramento pa msewu, mutawapempha, poti amabwera mmodzi pambuyo pa mnzake tsiku lonse. Liwiro la shata lisatsike pa 1/100 ndi 50mm, kapena 1/250 ndi 135mm, ngati kamera ilibe chochepetsa kugwedera. Dziwaninso kuti mphete ya Nikon ndi Pentax imazungulira mosemphana ndi ya Canon, Minolta ndi Olympus. Mukasakaniza, dzanja limasokonezeka pa nthawi yolakwika.

Ukwati wa munthu wakulipirani si pophunzirira. Akwati akulowa movina, anthu akufupa, wamkulu wa mwambo akukuwa, pamenepo ikani lenzi ya fokasi yodziyendera. Yakaleyo muitulutse pa zithunzi za akwati ali phee kumunda wa maluwa, ndi pa vidiyo, pamene mphete yake yaitali ndi yolemera imaposa ya malenzi atsopano otchipa.

Dzuwa likakhala kutsogolo, malenzi akale amatuwitsa chithunzi chifukwa utoto wa pa magalasi awo ndi wakale. Ena amakukonda kutuwako. Ngati simukufuna, ikani hood (chotchingira dzuwa kutsogolo kwa lenzi) kapena tchingani ndi chikhatho. Mukaona chigamba chowala pakati pa chithunzi, suzumirani mkati mwa adaputa: ikakhala yonyezimira, ipakeni utoto wakuda wosawala, iume kaye bwinobwino isanayandikire sensa.

9. Isungeni molingana ndi nyengo ya kuno

Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, ikatha kumabwera mawawa ndi chifunga cha Juni ndi Julayi, ndipo amene amakhala kumunsi monga ku Chibavi ndi Salisbury Line amadziwa mmene nsapato zimachitira chuku pansi pa bedi. Chuku chimakonda mdima, chinyontho ndi mpweya wosayenda. Chikwama chachikopa chimene lenzi inabweramo ndi malo oipitsitsa, chisiyeni. Kabati yogunda khoma lonyowa chimodzimodzi.

Pezani kontena ya pulasitiki yotseka mothina, ikanimo silica gel, timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zamagetsi. Awiri kapena atatu sakwanira, sonkhanitsani ambiri, ndipo muziwaumitsa pa moto wochepa pakapita nthawi chifukwa akakhuta madzi sagwiranso ntchito. Mpunga si mlowam'malo, umangobweretsa fumbi ndi anankafumbwe. Mukapeza kachipangizo koyeza chinyontho, mulingo wabwino ndi pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Mukachokera ku Nkhata Bay kapena mwajambula pa mawawa, pukutani lenzi, ikhale pa mpweya kaye musanaitsekere. Lenzi imene ili kale ndi chuku ikhale m'kontena yakeyake.

Potsuka yambani ndi kapampu kopemerera fumbi, kenako kansalu ka magalasi. Malaya ayi, ndipo sipiriti musathire pa galasi mwachindunji, amalowa m'mbali. Wokonza mafoni kapena mawotchi asakutsegulireni lenzi ndi mpeni kapena sikuludiraiva wamba: magalasi a mkati ali ndi mbali yake ndi timphete take, ndipo limodzi likatembenuzidwa ∞ ija siipezekanso. Mukafuna kuionetsa ku kuwala, chotsani zivindikiro muiike pa windo pamene pali kuwala kwambiri koma dzuwa silikulowa molunjika m'galasi, chifukwa lenzi imasonkhanitsa dzuwa mpaka kuotcha nsalu, komanso kutentha kumasungunula girisi n'kumutsitsira pa timasamba ta aperture.